Masuku a ku Edmonton

Kuseri kwa nyumba ina ya lendi ku Edmonton, dera la mumzinda wa London, kunali chimtengo chakalekale, chimene m'chaka cha 2006 chinagwetsa zipatso zobiriwira zazikulu ngati mandimu, ndipo a Biswick, munthu wa ku Lizulu amene anakulira pamsewu akugulitsa masuku, anazitola thumba lathunthu n'kukazivundika m'kabati yofunda ya boila yotenthetsera madzi. Si njala inawatuma. Apongozi awo ankabwera kuchokera ku Kasungu, ndipo anali atanena kale pafoni kuti akudzaona ndi maso awo ngati mwana wawo Rabecca, namwino wa pachipatala chachikulu cha kumeneko, ali ndi mwamuna kapena akungolera mwana wandevu.

Mawu amenewo ankawawawa a Biswick, pakuti chibwerereni ku London ntchito inali isanawapeze, ndipo ankhoswe kumudzi ankangodikira zimene mayiwo akanene pobwerera. Munthuyo ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuika mbale patsogolo pa apongozi n'kunena kuti izi ndakolola ndine. Choncho Loweruka m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti ndege itere, Rabecca ali kushifiti, anaitana mlamu wawo Jailos, mlongo wake wa Rabecca, amene ankakhala nawo m'nyumba momwemo n'kumagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. A Jailos anali munthu woti ukamutuma kukaona ngati mvula ikugwa, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuza, zovala zili pachingwe.

"Alamu, katsitseni thumba lija. Lero tikuvundukula."

A Jailos anapisa m'jekete, natulutsa magolovesi a kuntchito, n'kuyamba kuvala chala ndi chala.

"Nanga zimenezo?"

"Magolovesi."

"Ndikuwaona kuti ndi magolovesi. Ndati ndi a chiyani?"

"Ovala m'manja."

"Chifukwa chake, alamu, chifukwa chake!"

"Chimenecho sindinganene."

"Wakuletsani ndani?"

"Inuyo. Paja a Morton anati..."

"Basi! Imani pomwepo!" A Biswick anakweza chikhatho ngati wapolisi wa pamsewu. "Ndinati chiyani za mkulu ameneyo?"

"Munati mawu a Morton asadzalowenso m'nyumba muno."

"Ndiye?"

"Ndiye sanalowe. Akadali panja."

A Morton anali mzungu wokalamba wa khomo loyandikana nalo. Mlandu wawo unali umodzi: tsiku lina a Biswick atasesa pabwalo n'kuyatsa masamba, monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino, mkuluyo anasuzumira pampanda n'kuwauza kuti utsi ukulowa m'zovala za anthu. Kuchokera tsiku limenelo a Biswick anamufufuta m'buku la anthu amoyo.

Thumba linatsika masitepe likudontha. Fungo linayamba kufika kukhitchini, thumbalo n'kubwera pambuyo. A Biswick anamasula pakamwa pake, nachotsa manyuzipepala a pasitima amene anagwira ntchito ya masamba a nthochi, n'kukhuthulira zonse m'beseni lochapira. Zobiriwira zija zinali zitada bii.

"Zapsa!" anatero a Biswick.

"Zawola," anatero a Jailos.

"Zapsa."

"Zawola."

"Alamu, masuku akapsa amatani?"

"Amafewa."

"Izi zatani?"

"Zafewa."

"Nanga mukutsutsa chiyani?"

"Sindikutsutsa. Ndikungoti nayo mbatata ikawola imafewa."

"Inu kwanu ndi ku fodya. Chipatso mumachionera pachithunzi. Ine ndagulitsa masuku pa Lizulu mabasi akuima mondondozana, anthu akutulutsa manja m'mawindo. Palibe chipatso chimene sichimva kuvundika. Nthochi imamva, peyala amamva, papaya amamva. Ichi chokha chikane chifukwa ndi cha ku Ulaya?"

"Mwina sichinauzidwe."

A Biswick anasankha chimodzi chofewa kwambiri, nachifinya, natapa mnofu wakudawo ndi chala n'kuika pakamwa. Nkhope yawo inayamba kusonkhana pakati. Diso limodzi linatsinzina lokha. Koma munthu amene wanena kuti zapsa salavula pamaso pa mlamu wake, ndiye anameza.

"Zikukoma?" anafunsa a Jailos.

"Kwambiri."

"Nanga misoziyo?"

"Ndakumbukira kwathu."

"Pepani."

"Lawani nanu."

A Jailos anatapa pang'ono, nakhudzitsa kunsonga ya lilime, naima chilili ngati akumvetsera wailesi yakutali.

"Mwamva bwanji?"

"Ngati kwinini amene wagona m'sopo."

"Ndi kukoma kwa chizungu kumeneko. Azungu sakonda zotsekemera msanga. Tithira shuga, tiwiritsa, ikhala jamu. Apongozi akapaka pabuledi, ndidzangoti: mayi, za m'munda mwathu izo."

"Mundawu ndi wa landilodi."

"Landilodi anatola?"

"Ayi."

"Anasenza?"

"Ayi."

"Ndiye khalani chete, mundipatse mbale yoikamo njere."

A Biswick anapinda malaya mpaka m'zigongono, nagwada pansi, n'kuviika manja onse awiri m'beseni. Ankafinya ngati mayi wosefa thobwa. M'chipatso chilichonse munkatuluka chinjere chimodzi chachikulu, cholimba, chokhala ndi mizere yakuthwa, ndipo ankachiponya m'mbale kuti gobede! A Jailos ankaonerera ataima patali, manja a magolovesi atawakweza m'mwamba ngati dokotala woti alowe m'fiyeta.

"Chipatso chake n'chachinyengo," anadandaula a Biswick. "Njere yaikulu, mnofu wochepa. Mbale yadzaza iyi. Katayeni."

"Nditaye?"

"Mutaye."

"Njerezi?"

"Kodi ndikulankhula Chitumbuka?"

"Ndikatayire kuti?"

"Panja, patsinde pa mtengo. Zibwerere kwa mayi wawo."

A Jailos anayang'ana mbale, nayang'ana mlamu wawo. Anatuluka. Anabwerera ndi mbale yopanda kanthu, n'kukaima pawindo.

"Alamu, kwabwera gologolo."

"Mupatseni moni."

"Watenga njere imodzi. Wapita. Wabweranso ndi mnzake."

"Asangalale."

"Komatu mnofu umene unagwera pakhomo akuulambalala."

"Gologolo wa ku London amadya chipisi cha m'bini. Akudziwa chiyani za zipatso?"

"Tsopano abwera banja lonse."

"Tengani mbale ina iyi, mukawawonjezere. Asanene kuti Amalawi ndi aumbombo."

A Jailos anakataya mbale yachiwiri, kenako yachitatu. Pobwera ulendo womaliza anaima pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja.

"Alamu, ndifunseko. Nditaima panja pano n'kunena mawu a Morton, ndiye kuti alowa m'nyumba?"

"Khutu langa lili kuti?"

"M'nyumba."

"Mwadziyankha nokha."

A Jailos analowetsa phazi linalo n'kutseka chitseko.

Beseni litadzaza phala lakuda, a Biswick anaimirira mokhutira, nawongola msana, n'kupita pasinki kukasamba m'manja. Anapaka sopo, natsukuluza. Anayang'ana. Anapakanso sopo, nthawi ino wambiri, natikita mpaka thovu kufika m'zigongono. Madzi ankatsika oyera mbee, koma zikhatho zinali zakuda ngati pansi pa mphika, zikhadabo ngati za munthu wokumba makala.

"Sopo ameneyu ndi wabodza. Ndipatseni wotsukira mbale."

"Nayu."

"Ndimu."

"Nali."

"Mchere. Phulusa lilipo?"

"Mungalipeze kuti? Paja kuyatsa moto analetsa a..."

"Musamutchule! Bweretsani waya wotsukira mapoto."

Anakwecha mpaka khungu kuyamba kutentha. Kuda kuja sikunasunthe. Anakoka thawulo limene linali pampando n'kupukuta mwaukali, ndipo thawulo loyeralo linatuluka ndi zala khumi zofiirira.

"Limenelo ndi thawulo la amayi," anatero a Jailos. "Rabecca wagula dzulo."

"Iii! Bwanji osanena?"

"Munali mutapukuta kale."

"Musanaone kuti ndikulitenga?"

"Ndinaona. Ndimaganiza kuti mukufuna kulisuntha."

"Katengeni mankhwala oyeretsera kuchimbudzi aja."

"Ayi."

"Mwati?"

"Pabotolo analemba kuti asakhudze khungu."

"Khungu lake ndi langa!"

"Sanalembe kuti kupatula la a Biswick."

A Biswick anakhala pampando, manja atawatambasula pamaondo ngati zinthu zobwereka. Apa mantha anayamba kuwalowa. Anayang'ana magolovesi a mlamu wawo nthawi yaitali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti kufunsako kumawawa chotani ngati woti umufunse unamuletsa wekha kuyankha. Kenako anaimirira, natsegula chitseko ndi chigongono, n'kutuluka panja pozizira atavala masilipasi.

"Alamu, bwerani kuno."

A Jailos anatuluka.

"Tsekani chitseko. Khutu langa lili kuti tsopano?"

"Panja."

"Lamulo langa ndaphwanya?"

"Ayi."

"Nenani. Koma motsitsa, angamve kuti ndikumvera."

A Jailos anatsokomola, naima mowongoka ngati mwana wa sukulu wolakatula.

"Anati aliyense wogwira makoko akewo avale magolovesi."

"Zimenezo ndaziona. Pitirizani. Chimachotsa ndi chiyani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji?"

"Anati zimachoka zokha khungu likasuluka. Akazi awo akale zinawachoka cha ku Khirisimasi."

"Khirisimasi! Apongozi akubwera mawa!"

"Zimenezo a Morton sakuzidziwa."

"Mayo ine. Nanga jamu? Anati amathira shuga wochuluka bwanji?"

"Za jamu sananene. Anati makoko sadya. Ena amadayira nsalu."

"Makoko ati?"

"Amene ali m'beseni."

"Umene uja ndi mnofu!"

"Iwo anati makoko."

"Nanga ngati amenewo ndi makoko, chipatso chili kuti?"

"Anati si chipatso. Ndi mtedza wa mumtengo, wolonati wakuda. Chodya chili m'kati mwa njere. Amaswa ndi hamala, n'kuthira m'keke."

A Biswick anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana patsinde pa mtengo. Pamene panali mulu wa njere panali patatsala dothi lokha ndi timapazi. Pamwamba pa mpanda panakhala gologolo wonenepa, njere ili kukamwa, akuwayang'ana ngati munthu amene walandira kale malipiro.

"Mwataya chakudya, alamu?"

"Munandituma."

"Koma mumadziwa!"

"Ndimadziwa."

"Ndiye munthu n'kumataya ukudziwa?"

"Ndinakufunsani kawiri. Munati kodi mukulankhula Chitumbuka."

"Panalibe china chimene ananena?"

"Anati musazisiye panja, agologolo amatha zonse."

"Asa! Thamangani! Kutseri uko! Ine ndidzera kuno!"

Anthu a mumsewu umenewo akanasuzumira pamipanda yawo akanaona bambo wamkulu wa manja akuda akuthamangitsa agologolo ndi silipasi, akuwatukwana m'Chichewa cha ku Ntcheu, ndi bambo wina wa magolovesi akuyenda pambuyo pake mwaulemu, akutola zimene zagwa. Atafufuza m'maudzu, pansi pa masamba ndi kuseri kwa bini, anapeza njere zongokwana m'chipewa.

"Zilipo," anatero a Biswick akupuma wefuwefu. "Pang'ono ndi pang'ono ndi mtolo. Apongozi adya mtedza. Bweretsani imodzi."

Anaika m'kamwa kuti aswe ndi mano, monga amachitira ndi mtedza wa kwawo. Mutu wonse unalira.

"Dzino lilipo?" anafunsa a Jailos.

"Lilipo. Bweretsani mwala."

"Mwala wake uti? Kuno miyala ndi ya khansolo."

"Hamala, ndiye!"

Anaika njere pasitepe ya simenti, nakweza hamala, n'kumenya. Njere inathawa ngati chipolopolo, kudumpha mpanda, n'kukagunda china chake cha malata kwa a Morton. Onse awiri anagwada pansi kubisala kuseri kwa mpanda.

"Ndikaitenge?" ananong'ona a Jailos.

"Isiyeni. Ndi chakhumi chake."

"Ndikawauze kuti ndi chakhumi?"

"Musakawauze kanthu! Gwirani iyi ndi zala, ine ndimenye."

"Ayi."

"Bwanji?"

"Ndaona mmene mwamenyera yoyamba."

A Biswick anagwira okha. Hamala inatsika, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pawo si oti mkulu wa mpingo awamve. Chala chachikulu chinatupa nthawi yomweyo. Anachiika m'kamwa, nakumbukira kuwawa kwa makoko, n'kuchitulutsanso.

"Mwaswa chala," anatero a Jailos. "Njere ili bwinobwino."

"Ndikuona!"

"Anatinso muziikulunga m'chisanza kuti isathawe."

"Ndani?"

"Amene munati ndisamutchule."

"Nanga mumadikira chiyani osanena?"

"Munafunsa za jamu."

Anaikulunga m'thawulo la apongozi lija, poti linali litafa kale, n'kumenya ndi mkwiyo wa miyezi yonse imene anakhala pakhomo. Njere inasweka. M'kati mwake munali tizipinda tokhotakhota, ndipo m'tizipindamo munabisala timtedza toyera, toti kutulutsa kwake mpaka ndi msomali. A Biswick anatola kachidutswa n'kulawa. Kanali konona, kamafuta, kafungo kake kachilendo koma kokoma. Zimenezo ndiye zinawapweteka koposa, chifukwa anazindikira kuti thumba lonse lija linali chakudya chenicheni, ndipo analigawa okha kwa agologolo, mbale ndi mbale.

Anaswa zotsalazo imodziimodzi. Dzuwa la ku London, limene limangobwera kudzaonetsa nkhope, linali litapendeka pamene anamaliza. M'zikhatho munali matuza, zala zitachekekachekeka ndi zikamba. Zokolola zonse zinakwana pasosala ya kapu ya tiyi, pakati pokha.

"Ndi zimenezi," anatero a Biswick ndi mawu otsika. "Mkamwini wa ku London. Miyezi yonseyi, sosala imodzi."

"Sinadzaze," anatero a Jailos.

"Zikomo, alamu."

Anakhala pasitepe, ndipo ukali wonse unawathera. Anali ndi chisoni, ndiponso manyazi. Ku Lizulu anali munthu woti akadzuka m'mawa ankadziwa kopita, madzulo n'kubwera ndi kanthu m'manja. Kuno mkazi wawo ankatuluka kukada, kubwera kukada, iwo n'kumulandira chikwama pakhomo ngati mwana.

"Kueyapoti mawa ine sindipita," anatero.

"Rabecca anati tonse."

"Ndipita bwanji ndi manja awa? Apongozi adzati mwana wawo anakwatiwa ndi chiyani? Munthu wosagwira ntchito, wosasambanso?"

"Mumasamba. Ndimamva madzi."

"Ngati n'kupita, manja akhala m'thumba."

"Moni mupereka bwanji?"

"Ndiweramitsa mutu."

"Sutikesi anyamula ndani?"

"Inu."

"Nanga pakudya? Madzi osamba m'manja amawathirira ndi mkamwini."

"Ndidzati ndikusala."

"Mwezi wonse?"

"Mpaka Khirisimasi ngati n'kotheka! Ndivala magolovesi a ubweya, ndidzati ndikuzizidwa."

"Sizithandiza. Adzakuvulani."

"Apongozi? Kundivula ine magolovesi? Chifukwa chiyani?"

"Anati ayambira pamenepo."

A Biswick anadzutsa mutu.

"Ayambira pati?"

"Pamanja. Anandiuza pafoni Lachitatu. Anati zolankhula za anthu a ku London atopa nazo, aliyense amati ali bize. Anati akangotsika ndege, asanamwe ndi madzi omwe, aona zikhatho."

"Kuti aone chiyani?"

"Ngati zili zosalala ngati za khanda, ndiye kuti nkhani yatha, akauza ankhoswe. Anati malemu bambo athu nthawi yothyola fodya manja awo ankada bii ndi utomoni, matuza ali mbwee, sopo osamva mpaka fodya atapita ku okushoni. Anati mwamuna ndi ameneyo."

Ngakhale gologolo uja anasiya kutafuna.

A Biswick anatembenuza manja awo pang'onopang'ono. Anayang'ana zikhatho zakudazo, matuza, chala chotupa, mabala a zikamba, zikhadabo zoti ngakhale mayi wawo sakanazizindikira.

"Alamu."

"Ee."

"Manja a malemu apongozi aamuna munawaona?"

"Ndinakula nawo."

"Ankaoneka bwanji poyerekeza ndi awa?"

A Jailos anawerama, nayang'anitsitsa ngati akuyeza wodwala.

"Awo ankada mpaka pamfundo ya dzanja. Anuwa kuseriku kwatsala malo oyera. Mwakwecha kwambiri ndi waya."

A Biswick anadzambatuka. Analowa m'nyumba silipasi imodzi itatsala panja, nagwada pabeseni lija, n'kuviika manja onse awiri mpaka pamfundo, akutembenuza kuti kuseri nakonso kulandire.

"Mumati mukufuna zichoke," anatero a Jailos ali pakhomo.

"Ndani ananena?"

"Inuyo. Munafuna ndi mankhwala a kuchimbudzi omwe."

"Anali maganizo a m'mawa amenewo."

"Komatu amayi akandifunsa, ine ndinena zoona."

Manja anaima m'beseni.

"Mudzati chiyani?"

"Ndidzati munatola nokha thumba lonse, munasenza, munasenda ndi manja, munathamangitsa zilombo m'munda, n'kuswa ndi hamala mpaka dzuwa kupendeka."

"Pali bodza pamenepo?"

"Palibe."

"Za jamu mudzanena?"

"Akafunsa za jamu."

"Safunsa. Munthu wa ku Kasungu jamu amudziwira kuti?" A Biswick anayambanso kutikita, tsopano akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. "Tabwerezani mawu awo aja, ndiwamve bwino. Anati aona zikhatho za mkamwini?"

"Ayi, sanati za mkamwini."

"Anati za ndani?"

"Anati: ndikaona zikhatho za amuna a m'nyumba imeneyo."

A Jailos atangomaliza kunena, anakhala ngati amva mawuwo koyamba. Anayang'ana kukhitchini konse. Anasuzumira pabalaza. Anayang'ana masitepe opita kumwamba, ngati kuti mwina kutsika mwamuna wina woti agawane naye mlanduwo. Kenako anavula magolovesi, chala ndi chala, ndipo munatuluka manja oyera, ofewa, onunkhira mafuta odzola amene amapaka okalamba kuntchito.

"Amuna a m'nyumba muno tilipo awiri," anatero ndi mawu ang'ono.

"Mwawerenga bwino."

"Koma ine ndimagwira ntchito."

"Mukawauze."

"Amayi samva zouzidwa. Amaona zikhatho."

"Ndiye zikhatho zanuzo zikalankhule."

A Jailos anayandikira beseni. Anapinda malaya, nagwada pafupi ndi mlamu wawo, fungo lija osalimvanso.

"Alamu, tasunthani pang'ono, ndiviikeko anga."

A Biswick anakokera beseni kwa iwo, nalikumbatira ndi mikono yonse iwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ku London analankhula ngati munthu amene ali ndi chake.

"Pang'onopang'ono, alamu. Mundawu uli ndi mwini wake. Yambani mwaodira, mupemphe bwino."